Kodi makina nawonso amatopa?

Mdzukulu wanga wakhala atakwinya nkhope sabata yathunthu. Akuti laputopu yake, ija bambo ake anamugulira yakaunjika, yayamba ulesi mwadzidzidzi. Ine ndinadabwa. Njinga yanga ikalemera ndimadziwa kuti tcheni chauma kapena tayala laphwa. Nanga chinthu chopanda miyendo, chongokhala pamalo amodzi, chimatopa ndi chiyani?

Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Anakhala pamatiresi, laputopu pabulangete, n'kutsegula mpira wake wa FIFA 23. Poyamba osewera ankathamanga bwinobwino. Patapita mphindi ngati khumi anayamba kugwidwagwidwa: munthu ali apa, kuphethira kamodzi ali uko, mpira uli kale muukonde. Pakona panali kanambala komwe kanachoka pa 60 n'kugwera pa 18.

"Zimenezo ndi zithunzi, agogo. Pa sekondi imodzi imayenera kujambula 60."

"Nanga zinazo ikuzisiya kuti?"

Sanandiyankhe. Anangoti mwina ndi kachilombo. Ndinafunsa kuti kalowera pati, poti chinthucho n'chotseka mbali zonse. Akuti masewera otsitsa mwakuba pa intaneti nthawi zina amabwera ndi kapulogalamu kobisala, komagwiritsa ntchito makina ako kupangira munthu wina ndalama za crypto. Ganyu wopanda malipiro, mwini munda osamudziwa n'komwe! Anadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, panatuluka mndandanda wotchedwa Task Manager woonetsa amene akudya mphamvu. Mlendo munalibe. Windows sinali kutsitsa zatsopano, ndipo RAM yake ya 8 GB inali isanadzaze. Tchaja chinali cholumikiza, poti akuti pa batire yokha, magetsi akathima, laputopu imadzichepetsera mphamvu dala.

Loweruka tinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza kumsika. Iye asanadine chilichonse anaika chikhatho pa timabowo ta m'mbali. Fani inkalira ngati chigayo, koma mphepo osatuluka. Anatsegula HWMonitor n'kuloza: madigiri 97.

"Achimwene, 97 yake iti? Yomwe ija ya madzi a tiyi?"

"Yomweyo, agogo. Kuno ku Lilongwe, poti n'kokwera, madzi amawira asanafike n'komwe pa 100."

Ndinabweza dzanja. Ndiye kuti mwanayu wakhala akufungatira ketulo pamiyendo? Wokonzayo anaseka, nati kutenthako kuli pa kachitsulo kamodzi kakang'ono, purosesa. Akuti ambiri mwa mapurosesa amenewa malire awo ali cha pa 100, ndipo akayandikira pamenepo amachepetsa okha liwiro kuti asapse. Ndiye si ulesi? Ayi, ndi kudziteteza.

Atamasula timasikuluwu tapansi ndinaona chinthu chomwe sindidzaiwala. Pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo totulutsira kutentha panali chigamba chotuwa, chothithikana, chautali ngati chala changa: fumbi, ubweya wa bulangete, tsitsi, ndi phiko la njenjete. Anachisolola chonse ndi kapani. Pansi pa kapaipi ka kopa, phala lotuwa lomwe amalitcha thermal paste linali litauma n'kung'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Analipukuta n'kudonthezapo latsopano, kadontho kochepera nsawawa.

"Koma mwanayu akuti zayamba mwadzidzidzi," ndinatero. "Fumbi lonseli lalowa usiku umodzi?"

Akuti ayi, lakhala likuunjikana mwina zaka. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye makinawo ankapirira. Kutentha kwa chilimwe n'kumene kwangomalizitsa.

Apa ndiye pamene mpaka lero sindikumvetsa. Chinthu chodziwa kuwerenga kutentha kwake, chodziwanso kuti chichepetse liwiro, chimalephera bwanji kulemba pagalasi kuti "ndatenthedwa, ndipukuteni"? Mwana wa zaka zitatu akatentha thupi amanena. Ichi chimatha kukufunsa kambirimbiri ngati ukufuna kuchiyambitsanso, koma za malungo ake chili duu. Wokonzayo anangokweza mapewa, n'kulandira ndalama yake.

Kunyumba ndinatola zitsekerero zinayi za mabotolo, tinaikhazika pamenepo patebulo kuti mphepo izidutsa pansi. Kutentha kunaima pa 74, kanambala kaja pa 60 osasuntha. Mnzake wa nyumba yoyandikana anabwera madzulo, ndipo mdzukulu wanga anachinyidwa zigoli zinayi kwa duu.

"Nanga pano chatentha n'chiyani?" ndinafunsa.

Akuti kontirola.