Nkhuyu zodya kankhumba zipota mwini khola

Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ankanena za ana athu omwewa, amene amaswa mtsuko wa eni, mlandu n'kugwera makolo. Koma mwambiwu wapeza ntchito ina kukhola la nkhumba, ndipo kumeneko wafika ponyanya, pakuti wamkulu amapotedwa ngakhale ndi zimene mwana sanadye.

Chimene sanadyecho ndi zinki, yemwe uja amakutira malata kuti asachite dzimbiri. Kankhumba kongosiya kuyamwa kamafuna mamiligalamu pafupifupi 100 pa kilogalamu iliyonse ya chakudya, kamlingo koti simungakaone ndi maso. Koma zinkiyo akasowa, nyama yotchuka ndi dyera dziko lonse imanunkhiza chakudya n'kuchokapo ngati mkamwini wamanyazi. Nkhumba kukana kudya! Kukula kumaima, khungu limakhakhala, limachita nkhanambo ndi ming'alu, makamaka m'miyendo ndi kumimba. Akatswiri amawatcha matendawa parakeratosis, ndipo mu 1955 Tucker ndi Salmon a ku Alabama anaonetsa kuti zinki amawachiza. M'kati namo zinthu sizikhala bwino: thymus, kachiwalo kamene kamakhwimitsa maselo olimbana ndi matenda, kamafota, ndipo zilonda zimachedwa kupola.

Apa mimba ya mwini khola imayamba kupota. Akaona nkhanambo amati ndi mphere, n'kukagula mankhwala obaya. Palibe chisintha. Amagula ena. Kenako amayamba kuyang'ana mnansi wake ndi diso lina, poti dzana anamuona akudutsa kuseri kwa khola madzulo. Chikhalirecho mfitiyo ili m'thumba la madeya. Chimanga ndi soya zili ndi phytate, chinthu chimene chimagwira zinki m'matumbo kuti asalowe m'magazi, iye n'kungotuluka ndi ndowe. Ndiye mlimi wachikondi uja akathira laimu wambiri m'chakudya kuti mafupa alimbe, kashiamu wa m'laimuyo amangomangitsa mfundoyo. Pofuna kuthandiza, waonjezera moto. Komatu nkhumbayo imaulula yokha: ya mphere imadzikhula kuchipupa usana ndi usiku, pamene yosowa zinki sidzikanda kwenikweni, imangoti duu ndi khungu lake lokhakhalalo.

Musaganize kuti kupotedwa n'kwa ife a madeya tokha. Ku Europe, monga ku Denmark kumene nkhumba n'zochuluka kuposa anthu, tiana ta nkhumba amatichotsa kubere tili ndi milungu 3 kapena 4, ndipo timatsegula m'mimba koopsa chifukwa cha mabakiteriya a E. coli. Alimi anapeza kuti kuthira zinc oxide wambiri, mamiligalamu 2,500 a zinki pa kilogalamu kwa milungu iwiri, kumaletsa kutsegulako, tiana n'kumanenepa. Anasangalala, nathira zaka ndi zaka. Koma thupi limangotengako pang'ono. Wotsalayo amapita m'manyowa, manyowa amapita kumunda, ndipo zinki sawola, amangounjikana m'nthaka. Kunadzapezekanso kuti tizilombo tina tozolowera zinki timakhalanso tosamva mankhwala. Wodya nkhuyu ali phee kukhola, akunenepa, ogwira pamimba ndi akuluakulu ovala masuti ku Brussels. Mu 2017 European Union inagamula kuti mchitidwewu uthe, n'kupatsa alimi zaka zisanu zokonzekera. Kuyambira mu Juni 2022 mlingo waukulu uja ndi woletsedwa, ndipo chakudya cha tiana sichiyenera kupitirira mamiligalamu 150 pa kilogalamu.

Kwathu kuno vuto la makola ambiri si kuchuluka kwa zinki ayi, ndi madeya ndi madzi basi, m'mawa ndi madzulo, mwini wake akuwerengera kale ndalama za kanyenya wa pa Khirisimasi. Kapaketi ka premix ya nkhumba kamakhala ndi zinki pamodzi ndi mavitamini, ndipo zakudya zina zogula amaikamo phytase, amene amamasula zinki womangidwa uja. Koma pasapezeke wina wothamanga kukauza anzake kuti wapeza mankhwala a chigodola. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo zinki sachiletsa.

Choncho inu a khola, musanakalipire mnansi wanu, itanani mlangizi wa ziweto adzaone khungu la tianato, ndipo mumuonetse thumba limene mukutapamo chakudya.