Chikomekome cha Bezi Yokalamba

Amalonda a masiku ano anaumva mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anaumvetsa kuposa ife amene tinkauloweza kuti tikhoze mayeso a Chichewa. Ataona kuti wogula aliyense wayamba kukayikira chonyezimira, iwo anasiya kupukuta katundu wawo. Pano akumukanda dala.

Chandizindikiritsa zimenezi ndi gitala ya bezi imene ndagula posachedwapa kwa madala ena kuno ku Chigwirizano. Maonekedwe ake ndi omvetsa chisoni. Penti inali yofiira kalekale, koma pamene pamatsamira mkono patsala thabwa lenileni, lakuda bii ndi thukuta. Kumbuyo, chitsulo cha lamba wa buluku chinakumba dzenje. Tizitsulo tochunira nsambo tadya dzimbiri, ndipo kumutu kwake kuli chipsera pamene woyimba ankapanikiza ndudu yoyaka kuti manja onse agwire ntchito. Madalawo anati mkulu wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni masiku a Theba, pamodzi ndi gumbagumba, sutikesi yachitsulo ndi chifuwa. Gumbagumba anagulitsa chaka cha njala, chifuwa chinawatenga, gitala inatsala pansi pa bedi.

Ndinapereka ndalama yokwana matumba awiri a feteleza. Mayi akunyumba anayiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumunsi, kenako anayang'ana ine momwemonso.

"Inu abambo, amene wakugulitsani chimenechi lero agona tulo tabwino."

"Mayi, dikirani muyimve kaye."

"Nkhuni sitimva, timasonkha."

Ndinabwereka ampu kwa mnzanga wa bandi ya maukwati, ndikulumikiza, ndikukhudza nsambo yaikulu ija. Bezi yabwino sikuwa. Mawu ake amayenda pansi, kukwera m'miyendo ya mpando, kudzakupezani m'chifuwa makutu asanamve n'komwe. Mbale za alendo m'kabati zinayamba kunjenjemera. Galu wa aneba, amene amauwa ngakhale mthunzi wake, anangokhala chete. Mayi akunyumba sanayamikire, koma sanatulukenso m'chipindamo, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kumeneko ndi kupambana. Usiku umenewo ndinagona ndikuseka akuluakulu akale: nyerere zili kunja, mkuyu uli m'kati. Mwambi wagona chagada.

Chimene chinasokoneza mtendere wanga ndi intaneti. Munthu ukagula chinthu, umafuna mlendo wina wakutali akuuze kuti wachenjera. Ndinawerenga kuti Leo Fender wa ku Fullerton, ku California, anatulutsa Precision Bass mu 1951, nthawi imene oyimba bezi ankavutika kusenza chimphona choyimirira chija, chimenenso sichinkamveka pakati pa ng'oma ndi malipenga. Mu 1960 anawonjezera Jazz Bass, mtundu umene Aston Barrett ankayimba kumbuyo kwa Bob Marley. Mu 1965 kampani ya Fender inagulitsidwa kwa CBS, ndipo kuyambira pamenepo okonda magitala anagawa mbiri ya dziko pawiri: isanagulitsidwe ndi itagulitsidwa. Bezi yopangidwa kampani isanagulitsidwe, mtengo wake lero ungakugulireni puloti ku Area 25, n'kutsala ya njerwa. Koma pali lamulo: musayerekeze kuyipenta. Mukayipenta kuti ioneke bwino, mtengo umagwa. Zipsera ndiye ndalamazo. Ndipo kumutu kwa yanga, pafupi ndi chipsera cha ndudu chija, panalembedwa Fender.

Ndinayamba kulankhula ndi ana mwaulemu wa munthu wachuma.

Kenako ndinapitiriza kuwerenga, ndipo apa ndi pamene akuluakulu akale anayamba kutsokomola m'manda. Mu 1995 kampani yomweyo ya Fender inayamba kugulitsa magitala atsopano okalambitsidwa dala, otchedwa Relic, pamtengo woposa osalala. Mu 2009 anatulutsanso ena opangidwa ku Mexico, otchedwa Road Worn, kuti nawonso a m'thumba mochepa alawe ukalamba. Taganizani bwino. Kwinakwake kuli bambo amene amadzuka m'mamawa, kusamba, kutsanzika ana, kupita kuntchito kukakanda gitala yatsopano. Amadziwa pamene thukuta likanadya penti, pamene lamba akanakumba, mtundu wa dzimbiri la zaka makumi atatu. Akakanda bwino amamukweza pantchito. Mwana wanga atakanda wailesi ya kanema ndi msomali sanakwezedwe.

Tisawaseke kwambiri azungu, matendawa anafika kale kuno. Pitani ku Tsoka mukafunse jinzi. Yabwinobwino ili ndi mtengo wake, yong'ambika m'mawondo ili pamwamba, yapachikidwa pahang'ala, wogulitsa akuyiyang'anira mwapadera. Mdzukulu akavala yoteroyo n'kupita kumudzi, agogo amamva chisoni, usiku n'kuyisoka iye ali mtulo, m'mawa kumakhala maliro. Choncho nyerere sizinathe ayi. Zinasamuka. Zinaona kuti pa mkuyu wofiira anthu akuzitulukira, n'kukalowa mu mkuyu wooneka wovutika.

Sindikanagonanso osatsegula. Akatswiri amati bezi siyinama m'kati. Khosi lake limagwidwa ndi masikuluwu anayi, ndipo ukalimasula, kumapeto kwake a Fender ankalembako kapena kudindako mwezi ndi chaka. Tizitsulo tozungulira tokwezera mawu tija tilinso ndi manambala kumbuyo: akayamba ndi 137, ndiye kuti n'ta kampani ya CTS, ndipo otsatirawo amanena chaka ndi sabata imene tinapangidwa. Ndinayala chitenje patebulo, ndikuyika masikuluwu m'sosala kuti asasochere, ndikutsegula mtima ukugunda.

Nyerere munalibe, tinene zoona. Munali mazira a mphemvu ouma, fumbi lofiira, ndi waya wina woduka amene wina anamumanga ndi ulusi wosokera. Nambala 137 sinaoneke paliponse. Nditapala dzimbiri pa kachitsulo ka kumbuyo kwa khosi, panatuluka mawu osonyeza kuti katunduyu kwawo ndi ku Japan. Dzina lakumutu lija analemba ndi munthu wa dzanja labwino, mwina wolemba zikwangwani za magolosale, amene anafuna kusangalatsa kasitomala wake. Madala aja sananame chilichonse. Iwo anati akugulitsa gitala ya akulu awo, ndipo ndi imeneyo anandipatsa. Puloti ya ku Area 25 inabwerera kwa eni ake mwakachetechete.

Koma nkhani ya Japan si yochititsa manyazi monga mungaganizire. M'zaka za m'ma 1970 mafakitale akumeneko ankapanga magitala otengera a ku America, ena mwa mayina monga Greco ndi Tokai, ndipo anafika pochita bwino kotero kuti mu 1982 a Fender anangoganiza zoyamba kupangitsa ena mwa magitala awo komweko. Wokopera homuweki anadzapatsidwa choko. Lero magitala okopera aja nawonso akalamba, nawonso ali ndi owasaka, ndipo sindidzadabwa tsiku lina ndikadzamva kuti wina akupanga abodza ake.

Waya uja ndinapita naye, pamodzi ndi gitala yonse, kwa mnyamata wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika. Magetsi anali atazima, choncho chitsulo chake chowotcherera anakachitsamiritsa pa mbaula ya mayi wootcha chimanga pafupi pomwepo. Podikira kuti chifiire, anasuzumira m'mimba mwa bezi, n'kutembenuza, n'kusuzumiranso.

"Biggie, m'katimu mulibe kanthu. Maginito, tiwaya tingapo, basi. Ndiye mwalipira chiyani?"

Funso limeneli anthu a madigiri akhala akukanganirana kwa zaka zambiri osagwirizana. Mnyamatayo ananena zoona. Bezi ya mtundu umenewu ilibe batire, ilibe kompyuta: nsambo yachitsulo imanjenjemera pamwamba pa maginito wokulungidwa ndi waya wopyapyala wamkuwa, kunjenjemerako n'kusanduka timagetsi tochepa topita ku ampu. Foni imene ili m'thumba mwanu pakatha zaka zinayi iyamba kukana kutchaja, ndipo wokonza adzakuuzani kuti mungogula ina. Ichi chaona maboma angapo, chagona pansi pa bedi ndi mphemvu, ndipo chachira ndi kadontho kamodzi ka mtovu wotenthedwa pa makala a chimanga. Ndinamulipira, ndikugulanso chimanga chimodzi chifukwa mbaula inali ya eni ake.

Zatsala nsambo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chodutsa pamalire chimakwera mtengo chikangomva kuti mukuchifuna, ndipo nsambo zinayi za bezi sizilimidwa ku Mitundu. Apa ndinatonthozedwa ndi James Jamerson, amene anayimba bezi mu nyimbo zambiri za Motown ku Detroit, kuphatikizapo chimbale cha Marvin Gaye cha 1971, What's Going On. Mkuluyu sankasintha nsambo pokhapokha itaduka, ndipo litsiro ankalisiya dala. Dziko lonse linavina litsiro limenelo. Oyimba ena a bezi, nsambo zikafooka mawu, amaziwiritsa m'madzi kuti mafuta a m'manja achoke. Nzeru imeneyi imagwira, koma mafuta amene amayandama pamwambawo si oti mwini poto awaone. Kwathu kuno poto ameneyo pano ali ndi dzina, ndipo saphikiranso ndiwo.

Chimene chimandiseketsa, nthawi zina n'kundikwiyitsa pang'ono, n'chakuti ukalamba umene anzathu akuugula ndi madola ife timaupeza ulere ndipo timachita nawo manyazi. Imani pasiteji ya Chigwirizano m'mawa muone minibasi imene chitseko chake kondakitala amachinyamula m'manja, njinga ya kabaza yowotcherera malo asanu, wilibala wopanda utoto ngakhale kadontho. Zipsera zonsezo n'zenizeni, palibe anazijambula. Kukanakhala kuti kutha kwa chinthu kumalipidwa kulikonse, bwenzi ife tikukongoza mayiko ena. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemera amasankha chakale ali ndi chatsopano m'nyumba, pamene wosauka chakale chimamusankha.

Ndiponso si kuti bezi tinaidziwira kwa Leo Fender. Anyamata a kwela, a Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ndi anzawo, ankagunda bezi ya nsambo imodzi yopanga okha. Babatoni, mtengo wautali, waya mmodzi ndi chikopa cha ng'ombe, ndi amene anachotsa Madalitso Band m'misewu ya Lilongwe kukayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaliza wake ndi kamtengo ndi botolo, anthu akunja n'kumadabwa pa intaneti. Ku Zimbabwe, Alick Macheso, amene magazi ake ndi akuno ndipo amayimbako m'Chichewa, anaichotsa bezi kumbuyo n'kuiyika patsogolo pa siteji. Ndipo aliyense amene anavinapo nyimbo za ku Balaka, za Alleluya Band ya a Paul Banda kapena Zembani ya malemu Lucius Banda, akudziwa kuti chiuno chimatsatira bezi, mawu a nyimbo amabwera pambuyo.

Bezi ya Höfner imene Paul McCartney anagula ku Hamburg mu 1961 inabedwa m'galimoto ku London mu 1972. Anthu anaisaka, atolankhani analemba, mpaka inapezeka m'denga la nyumba ina ku England, ndipo mu February 2024 dziko linauzidwa kuti yabwerera kwa mwini wake patatha zaka 51. Ife zida za oyimba athu sizibedwa n'komwe. Zimangolowa pansi pa bedi mwiniwake akamwalira, n'kudikira tsiku limene mdzukulu adzasowe nkhuni kapena fizi. Pa bezi yangayi, pamwamba pa maginito, pali kadzenje kosalala kamene chala chachikulu cha mwiniwake woyamba chinakumba pang'onopang'ono. Munthu ameneyo masana ankakhala pansi pa nthaka ya eni, akumeza fumbi, madzulo n'kupeza mphamvu zoti ayimbire anzake. Chala changa chimalowa pomwepo ndendende. Bambo uja wokanda magitala kufakitale angathe kujambula kadzenje koteroko, ndipo mwina sindingasiyanitse. Koma kaya dzina lakumutu ndi labodza, apa pokha sindilola munthu kupakapo sandipepala.

Vuto ndi lakuti sandipepalayo akubwera kuchokera kumbali imene sindinkayembekezera. Ndayamba kuyimba nayo kutchalitchi, ndipo anthu akuikonda, makamaka amayi a kwaya amene akuti tsopano akumva poponda. Koma Lamulungu lapitali mkulu wa mpingo anandiyitanira pambali, mwaulemu wonse.

"Achimwene, Ambuye akudalitseni chifukwa cha mphatso yanu. Koma chida chimenechi, kutsogolo kuja, pamaso pa alendo... Penti imene inatsala popaka zitseko za kalasi ya Sande sukulu ilipo. Ya buluu."

Ndinayesa kufotokoza za 1965, za Relic, za mtengo umene umagwa ukapenta. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwachifundo, kenako anati burashi abweretsa okha. Ndapempha kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa komiti mwezi wamawa. Mavoti ndawerenga kale: asungichuma ali mbali yanga chifukwa safuna kugula thina, amayi a kwaya agawikana, ndipo chiyembekezo changa chonse chili pa mlembi wa achinyamata, amene ndinakumana naye Loweruka ku Tsoka akutsitsa mtengo wa jinzi yopanda mawondo.