Ikadzuka ili zii

Kwathu amanditchula kuti "aIT", ndipo dzinali ndinalilandira ndi manja awiri ngakhale luso langa limathera pa kuika nyimbo mu flash. Ndiye laputopu yanga ya Windows 10 itayamba khalidwe loti ikagona n'kudzuka zithunzi zikuoneka bwinobwino koma mawu ali zii, ndinauza mayi a kunyumba kuti kameneka ndikathetsa madzi a tiyi asanawire.

Ndinadzitsekera kuchipinda, mvula ikusokosa pamalata. Ndinakweza voliyumu mpaka 100, ndipo poyesera ndinkaika kafayilo komwe kanali pafupi, komwe ndinadzijambula ndikuphunzira tenala ya kwaya, komwe sindinkafuna kuti munthu wamoyo adzakamve. Zii. Ndinadina Shut down modzikhulupirira, osadziwa kuti chiyambire Windows 8 mu 2012 kuli Fast Startup, yomwe sizimitsa makina kotheratu koma imasunga madiraiva mu fayilo ya hiberfil.sys n'kudzawadzutsa momwe analili, ndi matenda awo omwe. Choyambitsa zonse mwatsopano ndi Restart, batani lomwe ine ndinkaliyesa la anthu aulesi.

Apa mpamene ndinapsa mtima n'kulowa mu Device Manager, malo omwe ndinali ndisanapondemo, ndinapeza dzina loti Realtek, ndinaliweruza popanda mboni, ndinadina Uninstall n'kuvomereranso kabokosi kofufutiratu diraivayo, ndipo mahedifoni omwe ankagwira ntchito m'mawa anafera pomwepo, maikolofoni nayo inatsatira, ine thukuta kamukamu n'kuyamba kupanga dawunilodi diraiva ina yomwe, bandulo itatheratu, ndinazindikira kuti ndi ya mtundu wina wa laputopu. Pa sitepe iliyonse ndinkaikanso tenala ija. Mwaulemu wake, kuyambira poyamba.

Chitseko chinatseguka. "Bambo a mwana, amayi akuti mwaimba mokwanira."

Kani mawu sanasowe konse. Laputopuyo ikadzuka inkalumikizana yokha ndi sipika ya Bluetooth ya pabalaza, yomwe ndinailumikiza ndekha pa Khirisimasi n'kuiwala, ndipo Windows inkatumiza zonse kumeneko. Dzina la sipikayo linali lolembedwa poyera pamwamba pa kamzere ka voliyumu komwe ndinakhala ndikukakoka masana onse. Pabalazapo panali apongozi anga, omwe ngakhale m'njira ndimawapatukira, atakhala phee ndi kapu ya tiyi, akumvera mkamwini wawo akukuwa mawu osakwera, mobwerezabwereza, pa 100.

Ndinazimitsa Bluetooth, ndinadina Restart uja, Windows inadziikira yokha diraiva, sipika za laputopu zinalira. Nsima ndinadyera kuchipinda. Apongozi sanadandaule chilichonse, anangotuma mwana wawo kudzandifunsa ngati kukwayako amandiimika kutsogolo kapena kumbuyo.