Safunsa Adadya Phula, Nanga Wofunsa?

Makolo athu, amene ankadziwa kufula njuchi ndi kuweruza milandu, adatisiyira mawu akuti safunsa adadya phula. Ndipo mwa anthu onse amene mwambiwu ukuwayenera m'masiku ano, palibe woposa mwamuna wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, kaya ku Durban, kaya ku Muizenberg kufupi ndi Cape Town, kaya ku California, amene atakhumudwa ndi mitengo ya m'sitolo amalumbira pamaso pa mkazi wake kuti adzadzipangira yekha thabwa lokwerera mafunde, ndiponso kuti lidzanyezimira kufikira munthu azimeterapo ndevu.

Eni ake a masewerawa, anthu a ku Hawaii, ankasema matabwa awo ku mitengo ya koa ndi wiliwili, nawasalaza ndi miyala, nawadzoza mafuta a mtedza wa kukui. Duke Kahanamoku, katswiri wosambira uja adatenga golide pa Olimpiki ya 1912, atafika ku Sydney mu 1914 adasema thabwa la paini, nakwera nalo mafunde pa gombe la Freshwater, anthu ali kukamwa yasa. Amenewa adaphunzira pa mapazi a akulu awo. Munthu wathu wa lero ali ndi galaja, lamya ya m'manja ndi khosi louma.

Thabwa la makono si thabwa ayi: m'kati mwake muli thovu louma, lokulungidwa m'nsalu ya fibreglass imene amainyowetsa ndi utomoni wa mankhwala. Tsono thovulo lili mitundu iwiri, ndi utomoninso mitundu iwiri, ndipo si zonse zimakwatirana. Chitsekedwere fakitale ya Clark Foam ku California mu Disembala 2005, imene inkadyetsa amisiri ambiri thovu la polyurethane, ochuluka adatembenukira ku thovu loyera la timibulu, longa lija amatchinjirizira wailesi m'katoni. Koma limeneli limafuna utomoni wa epoxy, ndipo Safunsa, pofuna kupulumutsa makobiri, amalithira wa polyester, naimirira chilili kuonerera ntchito ya mwezi wathunthu ikusungunuka pamaso pake.

Akagula thovu lina nayambanso, phula limamudikira pa khomo lachiwiri. Pakuti polyester ili ndi khalidwe lakuti pamene yakhudzana ndi mpweya siiuma kwenikweni, imangokhala nyatinyati. Chifukwa chake amisiri amasakanizamo phula pang'ono losungunulidwa m'mankhwala, limene limayandama pamwamba ndi kutsekereza mpweya kuti khungu liume gwa. Safunsa sadziwa zimenezi. Amadikira tsiku, nadikira lachiwiri, nakhudza ndi chala, chala nichikakamira. Amatenga sandipepa, sandipepa natsekeka asanapale ndi kawiri komwe. Ndipo pomaliza amatemberera nyengo, wogulitsa ndi boma. Atauzidwa za phula, amalithiramo mokondwera, osadziwa kuti phula lomwelo liyenera kupalidwa lonse asanapake utomoni wonyezimira wotsiriza, apo ayi wotsirizayo sagwira.

Apa wina anganene kuti makolo adanena zoona, mlandu watha. Koma taonani mbale wake wa Safunsa, amene tingamutche Mfunsazonse. Iyeyu sagona, ali pa YouTube kufikira tambala woyamba, ndipo kumeneko amapeza aphunzitsi khamu, aliyense wolankhula ndi ulamuliro wa mneneri. Uyu akuti mankhwala oumitsira akhale gawo 1 pa 100, uyo akuti 2. Ndipo onse awiri sakunama, pakuti woyambayo akulankhulira m'dzuwa la ku Queensland pamene mnzakeyo akunjenjemera m'shedi ku Cornwall, koma palibe mwa iwo amene wakumbukira kunena zimenezi. Kale vuto linali kusowa womufunsa; lero oyankha achuluka kuposa mafunso, kotero kuti wofunsa naye amadya phula, kungoti amalidya atalipirira intaneti.

Tifike tsono pa usiku waukulu, usiku wa utomoni wonyezimira, umene abale athu ogwira ntchito m'makomo a ku Cape Town angathe kuuchitira umboni. Bambo amasesa galaja, nawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, natseka mazenera, naletsa galu, ana ndi apongozi kuyandikira. Amamata tepi m'mphepete mwa thabwa kuti utomoni usayenderere kunsi. Amasefa utomoniwo, natenga burashi yatsopano, naigunditsagunditsa pa tepi yomata kuti ubweya wosalimba uthothokeretu. Kenaka amathira, nayendetsa burashi m'litali, m'lifupi, ndi m'litalinso, mosafulumira, atagwira mpweya. Ndipo lamulo lalikulu koposa onse, limene Yobu yekha akadalisunga, ndi lakuti ukatero uchoke, usakhudzenso, utomoni udzisalaze wokha.

Ndipo pamene iye waima pakhomo, manja kumbuyo, mtima uli phee, imatulukira ntchentche imodzi. Farao adaona ntchentche zodzaza dziko, koma sindikhulupirira kuti adawawidwa mtima kuposa munthu amene akuyang'ana imodzi yokhayi ikuzungulira nyali kawiri, nitsika, nitera chagada pakatikati penipeni pa thabwa, niyamba kupalasa ndi miyendo yonse isanu ndi umodzi. Akaichotsa, chala chisiya dzenje. Akaisiya, ikhala momwemo kufikira m'badwo wa adzukulu. Chapafupi pomwepo pamatseguka timaenje tozungulira timene amisiri amati maso a nsomba, pamene utomoni wathawa mafuta. Ndipo mafutawo ndi a chala cha mwana wotsiriza, amene masana adadya tchipisi nabwera kudzasisita ntchito ya atate ake mwachikondi.

Zotsala ndi thukuta. Amapala ndi sandipepa wonyowa, kuyambira nambala 400, kudzera 600, 800, kufikira 1,200 kapena kupitirira, aliyense kufufuta zipsera za mnzake, pambuyo pake polishi ndi makina opukutira. Wolumpha nambala imodzi adzaona mikwingwirima dzuwa likatuluka. Wolimbikira kwambiri m'mphepete, mmene utomoni uli wopyapyala, adzaona ulusi wa nsalu ukusuzumira, ndipo amenewo ndiwo malipiro a changu.

Komabe tinene kuti zonse zayenda, thabwa latuluka likuwala, anansi aliyamikira, chithunzi chaikidwa pa Facebook. Kodi munthuyu akafika nalo kugombe amachita chiyani? Amapisa dzanja m'thumba, natulutsa chibulumwa cha phula chogula ndi ndalama, nachikhutiza pamsana ponse pa thabwa lija kufikira pachita tiziphuphu totuwa. Pakuti chinthu chosalala chikanyowa chimaterera, ndipo palibe mwana wa munthu angaimepo. Pofika madzulo phulalo ladzaza mchenga ndi ubweya wa pachifuwa. Mukamufunsa chifukwa chimene adavutikira usiku onse uja, amayankha mwaulemu kuti kunsi kwatsala kowala, ndipo kuwalako kumathamangitsa thabwa m'madzi. Nkhani imeneyi okwera mafunde amakangana nayo chikhalire. Chimene ine ndaona n'chakuti akatswiri opikisana pa Jeffreys Bay kawirikawiri amakwera matabwa ongopalidwa ndi sandipepa, opanda utomoni wonyezimira, popeza umangowonjezera kulemera.

Kunsi kowalako, tsono, kumayang'ana pansi pa nyanja, ndipo oonerera ake ndi okhala komweko. Ku Muizenberg, chiyambire 2004, kuli anthu olembedwa ntchito yokhala pa phiri tsiku lonse kuyang'anira shaki, ndipo mmodzi mwa oonerera a pansi pa nyanjawo akangoyandikira kuti aone bwino luso la bambo, anthu a pa phiriwo amaliza chenjezo kuti aliyense atuluke m'madzi.