Mwana Ali ku Vichy, Mutu Ukuwawa ku Katete

Mwana wa mlongo wanga, mphunzitsi wa Chifalansa pa sekondale ina kuno, anasankhidwa kukawonjezera maphunziro ku France. Pa Katete Stores nkhaniyi inathamanga kuposa mabasi a ku Lusaka. Pofika madzulo anyamata a njinga zonyamula anthu anali atamukweza kale pantchito: ena amati wakakhala kazembe, ena amati wakagula timu ya mpira. Chonsecho mnyamatayo wapita ku Vichy, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Allier, yodziwika ndi madzi a akasupe amene anthu amamwa pofuna kuchira, komanso ndi mbiri yosakoma ya boma la Pétain limene linakhala kumeneko kuyambira 1940 mpaka 1944. Kuli sukulu ya chinenero yotchedwa CAVILAM, imene inayamba mu 1964, ndipo ophunzira ake ambiri amawagoneka m'nyumba za eni tauni kuti Chifalansa chiziwalowa ndi chakudya chomwe.

Asananyamuke, akatswiri a dziko la France anatuluka paliponse. Mkulu wina wa ku Chassa anabwera ndi ndodo yake kudzapereka phunziro, akuti iye Chifalansa anachiyamwa kwa ansembe a White Fathers, aja anafika ku Kachebere mu 1903. Atayamba kulankhula, akatekisiti anatinong'oneza kuti chimenechi ndi Chilatini cha pa Misa. Mlamu wathu wa ku Sinda, amene amadumpha malire pa Chanida kukagulitsa katundu ku Mozambique, anati Chipwitikizi ndi Chifalansa ndi chimodzimodzi, bola kutsina mphuno.

Tsopano mwanayo amatumiza mawu pa WhatsApp, ndipo ife timasonkhana pakhonde pa amayi anga, ambuya ake, foni ili pa mtondo wovundikira, aliyense atatchera khutu.

Usiku woyamba anagona ndi njala. Mayi a panyumbapo anamufunsa ngati akufuna kudya. Iye, mwana woleredwa bwino, anati ayi, zikomo, ali bwino, akudikira kuti amukakamize. Mayiwo anamufunira tulo tabwino, nkuzimitsa magetsi.

"Anamufunsa?" anatero ambuya, atasiya kusenda nsawa. "Mlendo wochoka kutali, kumufunsa ngati adya? Kodi m'mimba mwake muli zenera loti aonemo? Anthu amenewa anabadwa kwa anthu?"

Mawa lake anatulutsa mphatso, chitenje chimene tinasonkherana. Anagwada monga mwa mwambo, nkupereka ndi manja awiri. Bambo a panyumbapo anathamangira madzi akumwa, poganiza kuti mlendo wachita chizungulire. Atamudzutsa, mayi aja anamuthokoza pomupsompsona masaya onse awiri, mwamuna wawo ali pomwepo, akumwetulira. Pamenepa mkazi wa mnyamatayo, amene anakhala chete pamphasa nthawi yonseyi, anapempha kuti tibwezere mawuwo kumbuyo amvenso. Anamvanso kachitatu. Ine, monga malume, ndinafotokoza kuti kumeneko ndiwo moni wake. Anandiyankha mwaulemu kuti wamva, koma akufuna kudziwa zaka za mayiwo.

Zina zinabwera motsatizana. Akuluakuluwo akufuna aziwatchula maina awo enieni, ndipo iye akayesa lilime limakana, ndiye amangokhosomola akafuna kuwaitana. Galu ali ndi bedi, dokotala ndi tsiku lokumbukira kubadwa. Bambo ndiwo amaphika ndi kutsuka mbale, nkhani imene azimayi apakhondepo anailandira ndi nthungululu, amuna tonse tikuyang'ana kumapiri a Mphangwe. Dzuwa la mu June limakana kulowa mpaka cha m'ma 21 koloko kupitirira, pamene wotchi ikufanana ndendende ndi ya kuno, chifukwa m'chilimwe cha kumeneko nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi. Ambuya atamva kuti mdzukulu wawo amadya mgonero kunja kukuwala, anati n'chifukwa chake anthuwo alibe manyazi.

Koma mlandu waukulu unali wa pathebulo. Anabweretsa kambale ka masamba osaphika, iye nkuganiza kuti chakudya chathera pomwepo, ndipo anadzaza mimba ndi buledi. Kenako kunabwera nyama. Kenako tchizi. Atanunkhiza tchizicho anayang'ana pansi pa thebulo, kenako anayang'ana galu. Kenako zotsekemera. Maola awiri ali pampando, akukambirana za ndale, ndipo nsima osaoneka.

"Ndiye kuti chichokereni sanadye," anagamula ambuya.

Vuto n'lakuti mnyamatayo wayamba kuzolowera, ndipo ife zimenezi sitinakonzekere. Timayembekezera madandaulo, chifukwa madandaulo ndiwo amatipatsa chokamba ku chigayo. Tsiku lina anatumiza chithunzi akudya nkhono zophikidwa ndi batala ndi adyo, ali mwee. Pakhonde panagwa maliro. Mlamu wa ku Sinda analavula, nkunena kuti azungu amadya zonyansa, uku akutsitsa thobwa ndi mbewa yootcha imene anagula panjira. Mnyamatayo akuti iyenso anawaonetsa eni nyumba chithunzi cha mbewa zili pa kamtengo, ndipo mayi aja anasiya foloko, nkupita kukapuma mpweya panja. Ambuya sanaone chodabwitsa. "Mbewa ndi ndiwo. Nkhono ndi nkhono."

Amene amamunyoza kuti watayika ndi omwewo amandiimitsa pamsika. Munthu amayamba ndi kufunsa za moyo wa ambuya, za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwambo wa Kulamba ku Mkaika ngati mnyamatayo adzaupeze, ndipo pomaliza, akupukuta nsapato ndi mwendo wa thalauza, amati: "Mukamuuze mwana wathu uja, kafoni kalikonse, ngakhale kotha." Achibale amene sitinawaonepo pa maliro alionse atulukira ndi mbiri yaitali ya mmene anamuberekera kumsana. Ndikawerenga onse amene akuti anamubereka, mwanayo sanapondepo pansi mpaka tsiku lolowa sukulu.

Azakhali ake a ku Vubwi ndiwo anachita zooneka. Atamva za njala ija anakwera lole, nkufika ndi thumba la nsawa, ufa woyera ndi mfutso wa chibwabwa, kuti titumize msanga. Tinakhazikitsa komiti. Wapampando ndine, mlembi ndi mlamu wa ku Sinda. Titafunsa mtengo wotumizira katunduyo pa ndege, tinapeza kuti ungagule mbuzi zingapo, ndipo komiti inagwirizana zoyamba yaganiza mofatsa. Poganizapo pamafunika chotafuna. Thumba lija latsala theka, ndipo msonkhano wina uli Loweruka.