Tikiti ya ndege imene inakatera m'kabati

Ku Chilinde, munthu akagula tikiti ya ndege ya ku Joni, ulendo umayamba tsiku lomwelo. Chithunzi cha tikitiyo chimafika pa WhatsApp mwiniwake asanafike pakhomo, aneba amayamba kutchula saizi ya nsapato zawo, ndipo wakabaza amene ankamuitana kuti "ase" amasintha n'kumati "bwana". Ndiye ulendo ukalephereka, monga zinachitikira mu Epulo 2020 ndege zitaimitsidwa chifukwa cha Covid-19, kapena kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti itaima, chimene chimamudyera ndalama munthuyo ndi manyazi. Kukaitanitsa ndalama n'kuvomera kuti bwalo la ndege la Kamuzu sanapondeko, pomwe kutchalitchi anatsanzika kawiri ndipo abusa anamupempherera.

Choncho tikiti imalowa m'kabati, kuseri kwa mbale za alendo, ndipo aliyense wofunsa amauzidwa kuti ulendo sunalephereke, "tangousuntha pang'ono". Vuto n'lakuti makampani a ndege sadziwa mwambo wa ku Chilinde. Matikiti ambiri amagwira ntchito kwa chaka chimodzi basi. Otsika mtengo amabweza ndalama atadula chindapusa, ena sabweza n'komwe, ndipo amene sanaonekere pabwalo osanena amadulidwanso china. Komabe, wopita msanga kumene anagula tikitiyo amatha kusinthitsa tsiku, kapena kubwezeredwa ena mwa misonkho ya ulendo umene sanayende. Wodikira amakumana ndi kwacha, imene inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ulemu wake umakhala ukukwera pa mpanda wa aneba uku ndalama yake ikusungunuka m'kabati.

Ena anena kuti olakwa ndi makampani ndi maejenti, amene amakuuza kuti "bwerani Lolemba, abwana atuluka" mpaka ndalama ya minibasi itaposa imene ukuitanitsayo. Zimachitikadi, ndipo n'chifukwa chake kuli bungwe la CFTC lolandira madandaulo a ogula. Koma bungwelo limafuna risiti ndi makalata, osati umboni wa mlamu amene anaona tikitiyo ndi maso ake. Ena amati kudekha kulibe vuto, ndege ndi za boma zomwezo. Afunseni amene akusungabe tikiti ya Air Malawi. Kampaniyo inathetsedwa, ndege zake zinasiya kuuluka mu 2013, ndipo Malawi Airlines, imene boma linakhazikitsa mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, ndi kampani ina. Singakunyamuleni chifukwa choti munali kasitomala wa malemu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani kumene munagula tikitiyo chaka chisanathe. Ngati manyazi achuluka, valani jekete, kokani chikwama cha matayala, mukakwere minibasi yolowera mtauni m'bandakucha. Madzulo mukabwerako, aneba adzayamikira okha kuti ndege za masiku ano zikuthamanga.