Ndinasintha nambala imodzi, kwaya ya ku Mua ikumveka ngati ana

Ukwati wina unadalitsidwa m'tchalitchi cha Mua, pa mishoni imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, ndipo madyerero anali ku Mtakataka. Ntchito yojambula kanema anandipatsa ine. Kamera ndinaimika kumbuyo, koma poti kumeneko mawu amafika osokonekera, ndinabwereka karekoda kakang'ono n'kukaika pafupi ndi kwaya.

Nditafika kwathu ku Golomoti ndinatsegula mawu aja mu pulogalamu ya Audacity, ndipo ndinaona kuti anajambulidwa pa 44,100 Hz. Ndinali nditamvapo kuti kanema amafuna 48,000. Ndiye ndinalowa pamene alemba Rate, pambali pa mzere wa mawuwo, n'kusankha 48,000. Mtima unakhala pansi.

Nambala imeneyi imanena kuti rekoda imatapa timagawo tingati ta mawu pa sekondi imodzi. Ya 44,100 inabwera ndi ma CD, ya 48,000 ndi imene makamera ambiri amayendera. Chimene ndinachita ine sikunali kusandutsa mawuwo ayi. Ndinangolamula kompyuta kuti timagawo tomweto izitiwerenga mothamanga. Amene anagwiritsapo ntchito wailesi ya kaseti akudziwa mmene woyimba amakokera mawu mabatire akafooka. Kwa ine zinatembenuka: chilichonse chinafulumira, mawu n'kukwera. Mphindi imodzi inkatha pa masekondi 55, ndipo pa ola lathunthu mawu ankatsogola ndi mphindi pafupifupi zisanu.

Kusiyanako ndinakuona, sindinganame. Bambo mfumu akutsegula pakamwa, mpingo wayankha kale. Ndinaganiza kuti rekoda yobwereka ija ndi yakufa, choncho ndinayamba kuduladula mawuwo, kukokera apa, kukankhira apo, mipata n'kumaibisa ndi zithunzi za maluwa ndi za anthu akuvina pa perekaniperekani. Tulo sindinationenso. Kukwera kwa mawu ndiye sindinakumve n'komwe, poti khutu langa linali litazolowera.

Banja linasonkhana kuti lionere. Nyimbo yolowera itangoyamba, mayi wina wa m'kwaya, azakhali ake a mkwatibwi, anaweramira kutsogolo n'kumvetsera kwa kanthawi.

"Achimwene, ife sitinayimbe chonchi," anatero motsitsa. "Mabesi athu apita kuti?"

Kenako panabwera malonjezo. Mkwati, bambo wa mawu olemera, anamveka ngati mnyamata wa kupulayimale. Ana anaseka, akuluakulu sanaseke. Mayi ake a mkwatibwi anaimirira n'kulowa kukhitchini. Anthu aja anagulitsa mbuzi kuti tsiku lawo lisungike, ndipo ine ndinawapatsa mawu amene si awo. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Ndinabwerera ndi fulashi yanga, n'kuwonjezeranso bala pa bala. Ndinakoka mawu aja kuti atalike mofanana ndi chithunzi. Kutalika kunalingana ndithu, koma kukwera kuja kunakhalabe, ndipo tsopano kwaya inkanjenjemera ngati ikuyimbira pansi pa madzi.

Anandipulumutsa ndi mnzanga wina wojambula nyimbo ku Salima, amene ndinamuimbira foni. Funso lake loyamba linali lakuti, "Khadi ya mu rekoda munafufuta?" Mwayi wake ndinali ndisanafufute. Anandiuza kuti nditsegule fayilo yoyambirira ija, ndisakhudze Rate, koma ndipite pa Tracks n'kusankha Resample, ndiyikepo 48,000. Pamenepo kompyuta imawerengetsanso timagawo tatsopano, liwiro ndi kamvekedwe osasintha. Nditayika mawuwo pansi pa chithunzi, milomo ndi mawu zinayendera limodzi mpaka dalitso lomaliza. Mabesi anabwerera. Kanemayo ndinakatula ndekha ku Mtakataka, ndipo ndalama yotsala ndinakana kulandira.

Anzanga amene mumajambula maukwati, zinkhoswe ndi magule kuno kunyanja, musanayambe ntchito lowani mu rekoda muyike pa 48,000 kuti ifanane ndi kamera. Ombani m'manja kamodzi pamaso pa kamera kuti mudzapeze poyambira polumikiza. Khadi musafufute mpaka eni ake atamvetsera n'kunena okha kuti mawuwo ndi awo.